Kuyanika Masamba a Mankhwala m'Cigwa ca Shire: Mau Olankhulidwa pa Msonkhano wa Pacaka



Munthu ali yense wa ku Chikwawa ndi ku Nsanje adziwa ukali wa dzuwa la m'cigwa cino. Pa miyezi ya October ndi November kutentha kwa pa Ngabu kufika madigiri 40 ndi kupitirira, kotero kuti nsomba ndi mapira ziuma msanga. Cifukwa ca ici ambiri ayesa kuti dzuwa lomwelo liyenera kuumitsanso masamba a mankhwala. Apa ndipo alakwa.

Mtengo wa cam'mwamba, umene unacokera ku India, upezeka pafupifupi m'mudzi uli wonse kuno, ndipo amai atsira ufa wa masamba ace m'phala la ana ofooka. M'tsamba laliwisi la mtengowu magawo atatu mwa anai ndi madzi. Nchito ya woyanika ndiyo kucotsa madziwo osacotsa mphamvu ya tsamba. Koma kuwala kwa dzuwa kuononga cija cimene thupi lipangira vitamini A, amene asunga maso a mwana ndi kumlimbitsa pa matenda. Vitamini C nayenso sapirira kutentha. Ufa wa masamba oyanikidwa pamthunzi ukhala wobiriwira bii, pamene wa padzuwa utuwa ngati udzu wa m'cilimwe. Mai wogula ufa wotuwawo pamsika alipira mtengo wathunthu, koma mwana wace alandira zotsala cabe, ndipo palibe amene amuuza.

Masamba a fungo, monga mpungabwi, bulugamu ndi a mandimu, aonongeka msanga koposa, pakuti mankhwala ao ali m'mafuta opepuka amene auluka akatenthedwa. Fungo lokoma limene munthu alimva podutsa pa mphasa yoyanikidwa padzuwa ndiwo mankhwala amene ali kuthawa. Amene anagwirapo nchito m'minda ya fodya ku Kasungu kapena ku Zimbabwe sadzadabwa nazo izi. Iwo adziwa kuti tsamba louma m'cigafa ndi tsamba louma ndi utsi sagulidwa mtengo umodzi.

Komabe mthunzi nawo uli ndi coopsa cace. Kuyambira January kufikira March, pamene Shire ndi Ruo asefukira ndipo m'nyumba muli cinyezi, masamba ounjikidwa m'lichero acedwa kuuma ndipo acita cuku. Cuku cina cibala ululu wochedwa aflatoxin, umene uononga ciwindi. Ululuwu unadziwika pamene nkhukundembo zokwana 100,000 zinafa ku England m'caka ca 1960 zitadya cakudya ca mtedza wa cuku. Upezeka kawirikawiri m'mtedza ndi m'cimanga, koma masamba osauma bwino nawonso aukhala nao, ndipo kuwiritsa sikuucotsa ai. Masamba onunkha cuku ayenera kutayidwa, ngakhale mwini amve cisoni ndi thukuta lace.

Tsono cofunika ndico mthunzi wokhala ndi mphepo. Masamba athyoledwe m'mawa mame atauma, atsukidwe ndi madzi oyera, ndipo amwazidwe mopyapyala pa mphasa ya pathandala, pakhonde pamene mphepo ipita, kutali ndi utsi, nkhuku ndi mbuzi. Pansi penipeni pa malata sipabwino, popeza masana malata atentha ngati ciwaya. Kuwatembenuza tsiku ndi tsiku nkofunika. Pa nyengo youma masiku atatu kapena anai akwanira, ndipo tsamba louma bwino liphwanyika m'manja. Likangopindika osathyoka, likali ndi madzi. Bungwe la za umoyo pa dziko lonse, World Health Organization, linalemba malangizo onga awa m'caka ca 2003, koma agogo amene anali kupacika mitolo ya masamba kunsi kwa denga la udzu anali atayamba kale.

Nimu ayanikidwa cimodzimodzi, koma pano payenera cenjezo. Ngakhale aumitsidwe bwino cotani, sangalowe m'malo mwa mankhwala a malungo ochedwa LA, amene zipatala za m'Malawi zinayamba kupereka m'caka ca 2007. Mwana wotentha thupi apite naye kucipatala tsiku lomwelo.

Ufa usungidwe m'botolo louma lotseka bwino, pamalo pa mdima. Nthawi yabwino yokolola masamba osunga ndi April ndi May, mvula italeka, mitengo ikali ndi masamba ambiri, ciperoni cisanabwere ndi cinyezi cace.