Kodi Haramu N'ciani?

Aphunzitsi ndi ana inu nonse, lero tiphunzira liu la Ciarabu lakuti "haramu". Kwa Asilamu liu limeneli litanthauza cinthu cimene Mulungu analetsa. Kupha munthu wosalakwa, kuba, kumwa mowa ndi kudya nyama ya nkhumba, zonsezi ndi haramu.

Tsopano tamverani zimene zinacitika m'dziko la Nigeria. Usiku wa pa 14 April 2014, zigawenga za Boko Haram zinaba atsikana 276 pa sukulu ya ku Chibok ndi kupita nawo kunkhalango. Zigawengazo zinkanena kuti maphunziro a kusukulu ndiwo haramu. Ambiri mwa atsikanawo zinawaumiriza kulowa Cisilamu ndi kukwatiwa.

Kodi Cisilamu cimalola zotere? Iai, sicilola. Kurani, pa sura 2 ndime 256, imaletsa kuumiriza munthu kulowa cipembedzo. Mkazi sakwatitsidwa popanda iye mwini kuvomera. Ndiponso kufunafuna nzeru ndi udindo wa Msilamu aliyense, mwamuna ndi mkazi yemwe. Ndico cifukwa cace mu May caka comweco akuluakulu a Al-Azhar, sukulu yaikulu ya Cisilamu ku Cairo, anadzudzula zigawengazo nalamula kuti atsikanawo amasulidwe.

Motero, ana inu, amene anacita haramu si atsikana opita kusukulu, koma amene anawaba. Ngati m'kalasi mwanu muli mnzanu wa Cisilamu, musamunyoze cifukwa ca zigawenga zimene zinaphwanya malamulo a cipembedzo cace. Aphunzitsi, kambiranani ndi ana mau amenewa.