Za Nthenda ya Cigodola ndi Nkhupakupa ya m'Khutu

Mafumu, ndi inu nonse akuweta ng'ombe m'midzi yoyandikana ndi minda ya tiyi kuno ku Thyolo, cherani khutu, pakuti mau anga lero ali pa cigodola. Nthendayi inakhazikika kale ku Cigawo ca Pakati ndi ca Kumpoto, koma imayenda ndi ng'ombe zogulidwa. Ndimo inafikira ku dziko limene lero ndi Zimbabwe m'1901 ndi 1902, ndi ng'ombe zocokera ku Dar es Salaam zotsikira pa Beira. Ndiponso nkhupakupa yofiirira ya m'khutu, imene imafalitsa nthendayi, ikonda dziko lozizira la udzu wautali monga lathuli. Ng'ombe zamakolo za linunda zimapirirako. Koma za mkaka, za mtundu wa Friesian, zimene ambiri a inu munagula ndi ndalama za thukuta, sizicedwa kufa nayo.

Tsono mvetsani macitidwe ace. M'mwazi wa ng'ombe muli maselo oyera, ndiwo asilikari a thupi, ndipo malo ao osonkhanira ndiwo anabere. Kacirombo ka cigodola, kosaoneka ndi maso, akatswiri amakacha Theileria parva, kukumbukira Arnold Theiler amene anakafotokoza ku Pretoria m'1904. Kamakhala m'malobvu a nkhupakupa, ndipo kamatsikira m'thupi la ng'ombe nkhupakupayo itayamwa masiku awiri kapena atatu.

Tizirombo tambiri timathawa asilikari, koma aka ai: kamalowa m'kati mwa msilikari mwini wace. Msilikari akameza mdani amamtsekera m'kathumba kuti amsungunule. Kacirombo aka kamacoka m'kathumbamo nikakhala pamtendere monga mlendo wolanda nyumba. Pamenepo kamalamula seloyo kuti igawikane kosaleka, ndi kuti isafe ingakhale nthawi yace yakwana. Imodzi isanduka ziwiri, ziwiri zisanduka zinai. Ndipo pogawikana kacirombo kamadzikoloweka pa tizingwe timene selo imagawira za m'kati mwace, kotero kuti selo yatsopano iri yonse ibadwa naco kale cirombo. Sikasowanso kuturuka kunja kumene kangaphedwe. Ine ndimazizwa nako kucenjera kumeneku, ngakhale ndidana nako. Kucurukana kotere kufanana ndi khansa, koma pali kusiyana kumodzi kwakukuru: mukapha kacirombo, selo ileka kugawikana.

Cifukwa cace cizindikiro coyamba ndi mwanabere wotupa pansi pa khutu, patapita sabata imodzi kapena ziwiri cilumire nkhupakupa. Kenaka atupa wa patsogolo pa phewa, thupi litentha kupitirira madigiri 40, ng'ombe ileka kudya, mkaka ucepa. Asilikari ogwidwawo amwazikira thupi lonse kufikira m'mapapo, ndipo mapapo adzala madzi. Mukaona ng'ombe ikupuma mobvutika ndi thobvu m'mphuno, mwacedwa; kawirikawiri imafa pa sabata lacitatu kapena lacinai.

Musadikire thobvu. M'mawa pokama, pisani dzanja pansi pa makutu ndi pa mapewa. Mukapeza cotupa, itanani mlangizi wa ziweto tsiku lomwelo, osati mawa mutaweruka kothyola tiyi. Ulipo mankhwala a jakisoni ochedwa buparvaquone amene amapha kacirombo m'kati mwa selo, koma amathandiza bwino nthenda ikali yoyamba.

Yang'anani m'makutu mwa ng'ombe zanu, ndipo poperani mankhwala a nkhupakupa sabata ndi sabata m'nyengo ya dzinja. Wina anena, "Yanga situruka m'khola." Inde, koma udzu umene mumamweta m'madambo ndi m'mbali mwa miseu umabwera nazo nkhupakupa pamutu panu pomwe.

Alipo katemera amene anakonzedwa ku Muguga m'dziko la Kenya, ndipo wapangidwanso ku Lilongwe. Ng'ombe ibayidwa tizirombo tamoyo towerengeka pamodzi ndi mankhwala a oxytetracycline, kuti asilikari aphunzire mdani asanagonjetsedwe. Funsani alangizi musanatemeretse, pakuti ng'ombe yotemeredwa, monganso yocira yokha, imasungabe tizirombo m'mwazi mwace, ndipo nkhupakupa ingathe kutitenga kunka nato kwa ya mnansi wanu. Momwemonso ng'ombe yogula kutali, ingakhale ioneka yonenepa, ibwere ndi kalata ya a zaziweto, ipoperedwe pofika, ndipo ikhale m'khola layokha masabata anai.