Loya Amene Anaweruzidwa Popanda Loya

Awa ndi mawu amene Mthandizi wa Zofalitsa Nkhani analankhula pa msonkhano wa ku Songani, m'boma la Zomba.

Ine ndine mwana pamaso panu, koma ndatumidwa kuti tikumbutsane za munthu amene ena mwa akuluakulu munamuona ndi maso. Munthuyo ndiye Bambo Orton Chirwa.

A Chirwa anabadwa m'chaka cha 1919 m'boma la Nkhata Bay. Anakaphunzira ku Fort Hare, ku South Africa, ndipo atabwerako anaphunzitsa pa sukulu ya aphunzitsi ya ku Domasi, pafupi pomwe pano. Pambuyo pake anapita ku London kukaphunzira malamulo, ndipo mu 1958 anakhala loya woyamba wachikuda wa dziko la Nyasaland.

Pa 3 March 1959 Boma la Atsamunda linaletsa chipani cha Nyasaland African Congress ndi kumanga atsogoleri ake. A Chirwa nawonso anamangidwa. Atatuluka anayambitsa chipani cha Malawi Congress Party pa 30 September chaka chomwecho. Pamene Dr Banda anatuluka m'ndende ya ku Gwelo mu April 1960, a Chirwa anawasiyira mpando wa utsogoleri.

Mu 1962 iwo anathandiza kukonza mabwalo a milandu a kumidzi, otchedwa Local Courts. Pamene dziko linalandira ufulu mu 1964, anali Nduna ya Zachilungamo. Koma mu September chaka chomwecho, ku Zomba konkuno, nduna zinasemphana mawu ndi Dr Banda. Mwa zina, ndunazo zinakana zoti odwala azilipira tiki kuchipatala. A Chirwa anachotsedwa pa udindo, ndipo anathawira ku Tanzania.

Tsono mvetsetsani apa. A Chirwa ali kunja, malamulo anasinthidwa. Mabwalo aja anasanduka Traditional Courts, ndipo ena mwa iwo anapatsidwa mphamvu yoweruza milandu ya imfa. M'mabwalo amenewa munthu woimbidwa mlandu sankaloledwa kukhala ndi loya.

Mu December 1981 a Chirwa ndi akazi awo, Mayi Vera Chirwa, amenenso ndi loya, anagwidwa cha kumalire a Zambia. Anaimbidwa mlandu woukira Boma m'bwalo lotere ku Blantyre. Munthu amene anaimira anzake pa milandu analibe womuimira. Mu 1983 onse awiri anaweruzidwa kuti aphedwe, koma mu 1984 chilangocho chinasinthidwa kuti akhale m'ndende moyo wawo wonse. A Chirwa anamwalira m'ndende ya ku Zomba pa 20 October 1992. Mayi Chirwa anatulutsidwa mu January 1993.

Nanga ife a ku Songani nkhaniyi itikhudza bwanji? Makolo athu anati, chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Ngati munthu wodziwa malamulo chotere anasowa mtengo wogwira, nanga mlimi wa mpunga kapena msodzi wa matemba ku Chilwa akadatani?

Lero mabwalo aja kulibe. Malamulo aakulu a dziko a mu 1994 anena zinthu izi. Munthu akamangidwa, auzidwe chifukwa chake m'chinenero chimene amamva. Aonekere kukhoti pasanathe maola 48, pokhapokha ngati masikuwo khoti silikugwira ntchito. Ali ndi ufulu wokhala chete, ndiponso wokhala ndi loya. Iye sali wolakwa kufikira khoti litamupeza wolakwa. Wosauka akhoza kupempha thandizo ku Legal Aid Bureau.

Musamve molakwa ayi. Bwalo la amfumu likali ndi ntchito yake yoyanjanitsa anthu pa nkhani za minda ndi za m'banja. Koma mlandu wa ndende ndi wa khoti, ndipo munthu woganiziridwa kuba apite naye kupolisi, osati kumumenya.

Inu aphunzitsi, werengerani ana anu mawu awa. Inu odziwa kuwerenga, fotokozerani anzanu kumudzi. Ndipo tsiku limene mudzadutsa pa ndende ya ku Zomba, kumbukirani amene anafera m'menemo.