Jenereta yosamalidwa ndiyo imalira magetsi akazima



Mu Januwale 2022 namondwe wa Ana anawononga malo opangira magetsi a Kapichira pa mtsinje wa Shire, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130. Tinaona tokha kuti magetsi akazima mkaka umasasa m'thanki, mazira amazizira m'makina oswetsera anapiye. Ambiri tinagula majenereta, koma jenereta yongokhala pakona imakana kulira tsiku lomwe tikuifuna.

Choncho tiziiliza kwa mphindi 20 mwezi uliwonse, ngakhale magetsi alipo. Tisanailize tiziona oyilo. Ngati ndi yatsopano, oyilo timusinthe ikagwira maola 20 oyamba, kenaka tizitsatira buku lake. Ndi bwino kulemba maolawo m'kope. Sefa ya mpweya tizitsuka kawirikawiri, makamaka m'chilimwe fumbi likachuluka, ndipo pulagi yapadera tizikhala nayo.

Petulo wathu amasakanizidwa ndi ethanol, yemwe amakoka chinyezi. Akakhalitsa amatseka kabuleta, motero tizimukhetsa ngati jenereta ikhale miyezi osagwira ntchito. Tisathire mafuta injini ikulira kapena ikadali yotentha.

Koposa zonse tisamale moyo. Utsi wa jenereta uli ndi mpweya wakupha wosanunkha. Tiziiliza panja, kutali ndi mawindo, osati m'nyumba kapena m'khola. Poilumikiza kunyumba tiitane wodziwa zamagetsi aike switchi yosinthira, kuopa kuti magetsi angabwerere m'mawaya a ESCOM n'kupha wokonza.

M'kalabu iliyonse tisankhe munthu mmodzi woyang'anira zimenezi, chifukwa fodya n'uyu ali pamphuno.