Mpweya wa Mnansi Wako Uli m'Manja Mwako



Pa 1 Seputembala chaka chilichonse Eklezia amapempherera chisamaliro cha zolengedwa, monga adakhazikitsira malemu Papa Francis m'chaka cha 2015. Ife a mu Blantyre tsikuli limatipeza m'nyengo ya utsi. Amene mumalaŵirira ku Misa yoyamba kuchokera ku mitunda ya Soche, Bangwe kapena Chilomoni mukudziŵa chimene tikunena. Mzinda umakhala utafunda chinthu chotuwa ngati nkhungu, ndipo phiri la Ndirande limangooneka mwa chizimezime. Ambiri timangoti ndi nyengo. Koma mbali yaikulu ya chotuwacho ndi ntchito ya manja athu: zinyalala zimene tidayatsa madzulo, mbaula za makala, mauvuni a njerwa, moto wolusa m'tchire, utsi wa galimoto pa msewu wa Masauko Chipembere, ndi fumbi la m'misewu ya m'makwalala mwathu. Usiku kukazizira, mpweya wozizira umakhazikika pansi pakati pa mapiri, ndipo utsi umasoŵa kothaŵira mpaka dzuŵa litakwera.

Mutu wachiŵiri wa buku la Genesis umatiphunzitsa kuti munthu woumbidwa ndi dothi sadakhale wamoyo kufikira Mulungu atamuuzira mpweya m'mphuno mwake. Motero mpweya ndiyo mphatso yoyamba imene tidalandira. Ufa timagula, madzi timalipira, koma mpweya palibe adaugulapo, ndiponso palibe angaumangire mpanda nati uwu ndi wanga. Umene watuluka pakhomo panu madzulo, usiku uli m'chifuwa mwa mwana wa mnansi wanu. Lero tifuna kulingalira za chinthu chimodzi: kodi mpweya woipitsidwa umamchita chiyani munthu amene wagwidwa kale ndi chibayo?

Chibayo tonse tikuchidziŵa. Ife ansembe timakumana nacho tikaitanidwa usiku kukadzoza odwala, ndipo inu akatekisti mwatsogolera mapemphero pa timabokosi ting'onoting'ono tochuluka chifukwa cha icho. M'mapapo muli timatumba tating'ono kwambiri, m'mene mpweya umaloŵera m'magazi. Munthu akadwala chibayo, timatumbato timadzaza madzi ndi mafinya, ndipo amabanika ngakhale ali pa bwalo. Tizirombo toyambitsa nthendayi tili m'magulu aŵiri aakulu, mabakiteriya ndi mavairasi. Kafukufuku wotchedwa PERCH, amene adachitika m'maiko 7 kuphatikizapo Zambia ndi South Africa, nalengezedwa mu 2019, adapeza kuti mwa ana 100 alionse ogonekedwa ndi chibayo chachikulu, pafupifupi 61 adadwala chifukwa cha mavairasi, ndipo 31 chifukwa cha kachirombo kamodzi kokha kotchedwa RSV. Kuno kwathu, pa chipatala cha Queen Elizabeth Central, chija timachitcha Gulupu, madokotala adapima ana obanika kuyambira 2011 mpaka 2014, ndipo mwa ambiri a iwo adapezamo mavairasi, monga RSV ndi fuluwenza.

Mvetsani bwino apa, abale. Mankhwala opha mabakiteriya sapha vairasi. Pa chibayo cha mavairasi ambiri, achipatala amachirikiza wodwala ndi mpweya wa okosijeni, madzi ndi chakudya, koma nkhondo yeniyeni imamenyedwa ndi thupi la mwiniwake. Tsono kuti wodwala achire msanga, kaya agonekedwe masabata, kaya atisiye, zimadalira kwambiri m'mene nthendayo yaŵapezera mapapo ake. Apa ndi pamene utsi umaloŵerera.

Mu utsi muli timwaye tosaoneka ndi maso, timene akatswiri amatitcha PM2.5. Tsitsi limodzi la m'mutu mwanu ndi lonenepa pafupifupi ka 30 kuposa kamwaye kotere. Chifukwa cha kuchepa kwake, mphuno siyikwanitsa kutisefa, ndipo timatsika mpaka m'timatumba tija. Mlengi adaika alonda aŵiri m'chifuwa mwathu. Woyamba ndi tiubweya ta m'njira za mpweya, timene timasesa zonyansa kuzikweza kummero kuti tizitsokomole. Wachiŵiri ndi timaselo tokhala m'timatumbamo, timene ntchito yake ndi kumeza chilichonse chachilendo. Utsi umafooketsa tiubweyato ndi kutupitsa njira za mpweya, ndipo timaselo timakhuta mwaye. Izi sizongoganizira. Mu Blantyre mommuno, ofufuza adatsuka mapapo a anthu aakulu osadwala, ndipo mu 2009 adalengeza kuti adaona mwaye m'kati mwa timaselo timeneti, wochuluka mwa amene amapuma utsi wambiri kunyumba. Mlonda amene manja ake adzaza kale ndi katundu angagwire bwanji mbala? Vairasi ikafika imapeza pakhomo posatseka bwino, imatsika mozama, ndipo nthaŵi zina mabakiteriya amatsatira pambuyo pake, wodwala n'kukhala ndi adani aŵiri.

Maiko ena adaziona izi m'ziŵerengero. Nthenda ya SARS itabuka ku China, mu 2003 ofufuza adapeza kuti odwala a m'madera a mpweya woipa kwambiri anali pa chiopsezo cha imfa choŵirikiza kaŵiri kuyerekeza ndi a m'madera a mpweya wabwino. Mu 2020 akatswiri a pa yunivesite ya Harvard adayerekeza maboma oposa 3,000 a ku United States, napeza kuti kumene anthu adakhala zaka zambiri akupuma timwaye tochuluka, imfa za Covid-19 zidachulukanso. Bungwe la zaumoyo la dziko lonse, WHO, lidaŵerengera kuti mu 2019 mpweya woipa wa panja udafupikitsa miyoyo ya anthu 4.2 miliyoni, ndipo mu 2021 lidatsitsa mlingo wa timwaye wovomerezeka pa chaka kuchoka pa 10 kufika pa 5, poona kuti ngakhale tochepa timavulaza. Ifenso sitidaiŵale Januwale wa 2021, pamene Covid-19 idatenga nduna ziŵiri za boma tsiku limodzi, pa 12, ndipo Amalaŵi adasonkherana ndalama zogulira masilinda a okosijeni. Mwezi umenewo tidaphunzira mtengo wa chinthu chimene Mulungu amatipatsa ulere.

Mwina wina ati: ine ndakonza khitchini yanga, utsi wa panja ukundikhudza bwanji? Yankho lidachokera kwa anansi athu a ku Chikwawa, pamodzi ndi a ku Karonga. Kumeneko mabanja zikwi zingapo adalandira mbaula zamakono zotulutsa utsi wochepa, ndipo ana oposa 10,000 adatsatidwa kwa zaka ziŵiri. Zotsatira zake zitatuluka m'magazini ya The Lancet mu 2017, ambiri adadabwa: chibayo cha ana sichidachepe. Chimodzi mwa zifukwa zimene ofufuzawo adatchula chinali chakuti mwana sakhalira m'khitchini, ndipo akatuluka amakumana ndi utsi wina, monga wa zinyalala zootchedwa. Phunziro lake ndi ili: banja limodzi silingathe kudziyeretsera mpweya palokha. Mutu umodzi susenza denga.

Apa nkhani ya chipatala isanduka nkhani ya chikumbumtima. Kaini atafunsidwa za Abele adakana kuti udindo wosunga mbale wake unali wake, ndipo Mulungu sadavomere yankholo. Lamulo lachisanu silitiletsa mpeni ndi chibonga zokha ayi. Litilamulanso kusamala moyo wa mnzathu m'zinthu zing'onozing'ono. M'kalata yake ya Laudato Si' ya mu 2015, Papa Francis adatikumbutsa kuti mpweya woipitsidwa umapweteka makamaka osauka. Tayang'anani amene amaupuma tsiku lonse: mai wogulitsa tomato m'mbali mwa msewu ku msika wa Limbe, khanda lili kumbuyo, pafupi penipeni ndi paipi yotulutsa utsi wa minibasi, mnyamata woitanira pa depoti ya Wenela, wakabaza, mabanja oyandikana ndi kudzala kwa Mzedi. Ameneŵa ndiwonso alibe ndalama ya galimoto mwana akabanika pakati pa usiku.

Sitikuŵeruza mai wophikira makala chifukwa alibe njira ina, pakuti ana ayenera kudya. Koma pali utsi wambiri umene timaufukiza popanda chotikakamiza, ndipo umenewo uli m'manja mwathu. Tileke kuotcha majumbo, mabotolo a pulasitiki, matewera ndi matayala. Masamba ndi zotsala za kukhitchini tizikwirire m'dzenje, zidzatibwezera manyowa a m'dimba. Tileke kuyatsa tchire chifukwa cha mbeŵa zoŵerengeka, phiri lonse n'kupsa. Inu Akhristu eni galimoto ndi oyendetsa minibasi, injini yofuka utsi wakuda ikonzeni, ndipo podikira okwera izimitseni. M'miphakati mwathu tipangane za zinyalala za m'dera lathu, tibzale mitengo mvula ikagwa, ndipo tipite limodzi kwa makhansala ndi mafumu kukapempha malo otayirako zinyalala. Ndipo mukamva kuti pakhomo loyandikana pali khanda, nkhalamba kapena wodwala chifuwa, machesi abwezeni m'thumba. Mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Kwa inu akatekisti ndi amai oyendera odwala tili ndi pempho lapadera. Phunzirani kuŵerenga kapumidwe ka mwana ali phee, kwa mphindi imodzi yathunthu. Wa miyezi 2 mpaka 11 akamapuma ka 50 kapena kuposa, ndipo wa chaka chimodzi mpaka zaka 5 akamapuma ka 40 kapena kuposa, ayenera kuonedwa ndi achipatala tsiku lomwelo. Ngati m'munsi mwa nthiti mukuloŵa m'kati popuma, ngati akukana kuyamwa kapena kumwa, ngati walefuka kapena akukomoka, musadikire kuti kuche. Pempherani muli pa ulendo. Musagule mankhwala pa msika mongoganizira, pakuti ndi achipatala angazindikire chimene wodwala akusoŵa. Wodwala chifuwa musamgoneke pafupi ndi mbaula, musapite naye ku msika kapena m'mbali mwa msewu, ndipo utsi ukachuluka panja tsekani mazenera a mbali imene ukuchokera. Akatuluka m'chipatala chisamaliro chisathe, chifukwa mapapo amachira pang'onopang'ono. Ana alandire akatemera onse a kusikelo, pakati pawo katemera woteteza ku mabakiteriya a chibayo amene adayamba kuperekedwa m'Malaŵi mu 2011. Abale athu amene ali pa mankhwala a HIV asadumphitse, popeza madokotala a ku Gulupu adaonetsa kuti fuluwenza imaŵagwira mwamphamvu kuposa ena.

Abale, madzulo ano ambiri a ife tidzasesa pabwalo ndi kuunjika zinyalala monga mwa masiku onse. Tisanayatse, tiime kaye, tiyang'ane kumene mphepo ikuloŵera, ndi kudzifunsa kuti kumeneko kukugona yani. Ambuye Yesu atauka kwa akufa adauzira mpweya pa ophunzira ake poŵapatsa Mzimu Woyera. Ife otchedwa ndi dzina lake, tikuuzira chiyani pa abale athu?

Tipemphere. Mulungu Atate athu, mwini moyo, yang'anani ndi chifundo onse amene akuvutika kupuma m'maŵa uno, m'zipatala ndi m'nyumba za mzinda wathu. Limbikitsani madokotala, anamwino ndi onse odikirira odwala. Mutikhululukire pamene taipitsa mphatso yanu mosalabadira anzathu, ndipo mutipatse mtima wosamalana. Tikupempha zimenezi kudzera mwa Khristu Ambuye athu. Amen.