Buluzi Wosadula Mchira

Madzulo ano tikambe za buluzi.

Tonsefe timamdziwa buluzi wa mizere uja amene amaothera dzuwa pakhoma kapena pa tsinde la mango. Mwana akamgwira kumchira, iye amausiya mchirawo ukuphiriphitha pansi, mwini wake nathawa. Tsono kutali ndithu, pa zilumba za Solomon m'nyanja ya Pacific, kuli mbale wake wa banja limodzi amene sangathe kutero. Akatswiri amamutcha Corucia zebrata, dzina limene John Edward Gray anampatsa m'chaka cha 1855. M'banja lonselo wamkulu ndi iyeyu, pakuti amafika masentimita 80 m'litali. Fuko lake lili ndi mtundu umodzi wokhawu, ngakhale kuti mu 1997 a ku zilumba za Bougainville ndi Buka anawerengedwa kukhala kagulu kapadera.

Moyo wake wonse uli m'mitengo. Mchira uja amaukulunga pa nthambi monga achitira bilimankhwe, choncho kuutaya kukanakhala kutaya dzanja. Usana amabisala m'mphako, usiku natuluka kukadya masamba, maluwa ndi zipatso.

Koma chimene chimandigwira mtima ine ndi kaberekedwe kake. Saikira mazira ayi. Wamkazi amakhala ndi bere miyezi 6 kufikira 8, nabereka mwana mmodzi, mwa kamodzikamodzi awiri. Mwanayo amakhala miyezi yambiri pakati pa akuluakulu amene amamchinjiriza, zimene sizichitika kawirikawiri pakati pa abuluzi. Ndipo, mundikhululukire amene muli pa chakudya, amadyako ndowe za akuluakuluwo kuti apeze tizilombo ta m'mimba tomuthandiza kugaya masamba.

Nyama yoswana pang'onopang'ono chotere sichedwa kutha. Ambiri anagwidwa ndi kugulitsidwa ku Ulaya ndi ku America kwa anthu okonda kuweta zachilendo, mpaka mu 1992 anaikidwa pa mndandanda wa pangano la CITES, lakuti wofuna kuwatulutsa m'dziko ayambe wapeza chilolezo. Chilolezocho n'chabwino, koma sichiteteza mtengo wa mphako umene iye amagonamo, pamene kwa zaka zambiri mitengo yodulidwa m'nkhalango yakhala katundu wamkulu amene zilumba za Solomon zimagulitsa kunja.