Madzi a M'chifuwa

Mapapo a munthu ndi okutidwa ndi kachikopa kopyapyala ka magawo aŵiri. Pakati pa magawowo pamakhala timadzi pang'ono toti mapapo aziterereka popuma. Madziwo akachuluka amapanikiza mapapo, ndipo wodwala amabanika, namva kubaya m'nthiti.

Kale madokotala ankangogogoda chifuwa ndi zala, namvetsera kulira kwake, monga achitira mayi pogula mtsuko. M'chaka cha 1910, Hans Christian Jacobaeus wa ku Stockholm analoŵetsa kachipangizo kounikira pakati pa nthiti, naona kachikopako ndi maso. Mu 1972, Richard Light wa ku America anasonyeza kuti poyerekeza mapuloteni a m'madziwo ndi a m'magazi, dokotala angathe kusiyanitsa madzi odza chifukwa cha mtima wofooka ndi odza chifukwa cha chibayo, khansa kapena chifuwa chachikulu.

Kusiyanitsaku n'kofunika, pakuti mankhwala ake safanana, ndipo madzi ongopopedwa amabwereranso ngati gwero lake silinapezeke. M'Malaŵi, gwerolo kaŵirikaŵiri limakhala chifuwa chachikulu, chimene chimachizika pomwa mankhwala miyezi 6 mosadumphitsa. Choncho wobanika asazengereze kupita kuchipatala.